Zikwama zanga zili ku Dallas, ine ndili ku Kapata: "sales tax" alipire ndani?

Telala_wa_ku_Kapata:

Muli bwanji nonse. Ndine mzimayi, ndimasoka kuno ku Chipata, pafupi ndi msika wa Kapata. Ndili ndi makina atatu, awiri opalasa ndi mapazi, amodzi amagetsi, ndipo ndimagwira ntchito ndi atsikana awiri. Timasoka zikwama za chitenge, maepuloni ndi timatumba ta laputopu toika siponji m'kati.

Akulu anga ndi anesi ku Dallas, ku Texas. Atabwera kudzaonera Kulamba ku Katete ananyamula zikwama 40 m'sutikesi, ndipo pamasabata atatu zonse zinali zitatha, ena agula kutchalitchi, ena kuntchito. Kuyambira pamenepo ndimatumiza katoni ikadzadza. Amasunga m'galaja, Loweruka n'kukayala pathebulo pamsika wa zopanga ndi manja. Chikwama chimodzi ndi $35.

Sabata yatha anandiimbira pa WhatsApp mawu ali pansi. Woyang'anira msika uja wawauza kuti asadzabwerenso opanda pepala lotchedwa sales tax permit. Ine kuno TPIN ndili nayo, dzina la bizinesi ndinalembetsa ku PACRA, ofesi yolembetsa mabizinesi, turnover tax ndimapereka ku ZRA, bungwe lathu la misonkho, osadumphitsa. Ndiye katundu yemweyo ndilipirire msonkho kawiri? Komanso pa Facebook kwayamba kubwera anthu a ku California ndi New York ofuna tiwatumizire. Kodi boma lililonse kumeneko lidzafuna gawo lake? Chimene chikundisowetsa tulo ndi akulu angawo. Ndiwo amalipirira mwana wanga sukulu, ndipo sindikufuna kuti apeze mlandu chifukwa cha zikwama zanga.

Wowerengera_ndalama_Katete:

Amayi, khazikani mtima pansi, simukulipira kawiri. Turnover tax imachoka m'thumba mwanu pa ndalama zimene bizinesi yanu yalowetsa. Sales tax imachoka m'thumba la wogula. Wogulitsa amangoitolera n'kuipereka kwa eni ake, monga msungichuma wa chilimba. Ndalamayo imadutsa m'manja mwake koma si yake ngakhale tsiku limodzi.

Ife tinazolowera VAT ya 16 peresenti, imodzimodzi kuyambira ku Mwami mpaka ku Livingstone. Ku America kulibe zimenezo. Boma lalikulu la ku Washington silitolera msonkho wa pogula. Steti iliyonse, kutanthauza chigawo chokhala ndi boma lake monga Texas, ili ndi lamulo lake ndi ofesi yake. Masteti 45 pamodzi ndi mzinda wa Washington DC amatolera. Oregon, Montana, New Hampshire, Delaware ndi Alaska alibe wa steti, ngakhale kuti ku Alaska makhonsolo ena amatolera wawo. Ku Texas steti imatenga 6.25 peresenti, mizinda ndi maboma ang'onoang'ono amaloledwa kuwonjezera mpaka 2 peresenti, ndiye mu Dallas zimakwana 8.25. Pa chikwama cha $35 wogula ayenera kupereka $37.89, ndipo $2.89 iikidwe pambali.

Mwina mukukumbukira kuti nafenso tinatsala pang'ono kukhala nawo msonkho wamtunduwu. Mu 2018 nduna ya zachuma Margaret Mwanakatwe analengeza kuti VAT ichoka, m'malo mwake mubwere sales tax. Amalonda anadandaula, tsiku loyambira linasunthidwa kangapo, mpaka mu 2019 nduna yatsopano ya zachuma Bwalya Ng'andu ananena kuti VAT ikhalabe.

Tsono funso lenileni ndi lakuti steti imakugwirani liti. Iwo ali ndi mawu akuti nexus, kutanthauza chingwe chokumangirirani ku steti imeneyo. Chingwe choyamba ndi kupezeka komweko: sitolo, wantchito, kapena katundu wosungidwa. Makatoni ali m'galaja ku Dallas aja ndi chingwe kale, thebulo la Loweruka ndi chinanso. Zimenezi sizidikira kuti malonda akule. Kwa munthu wogulitsa sabata ndi sabata, ngakhale pang'ono, permit ikufunika.

Chingwe chachiwiri ndi kuchuluka kwa malonda. Chinabwera mu June 2018, pamene khoti lalikulu la ku America linagamula mlandu wa South Dakota ndi kampani ya Wayfair, kuti steti ikhoza kulamula wogulitsa wakutali kutolera msonkho ngakhale sanapondepo phazi. Koma pali malire. Masteti ambiri anaika $100,000 pachaka. California anaika $500,000. New York ndi $500,000 komanso malonda opitirira 100, zonse ziwiri zikwane. Kuti mufike pa $100,000 ndi zikwama za $35 muyenera kugulitsa zoposa 2,800 mu steti imodzi. Ndi makina atatu simunafikepo, choncho za California ndi New York zisakuvuteni panopa. Mungosamala kuti masteti ena amawerenganso malonda 200 pachaka ngakhale ndalama ili yochepa, ndiye muzilemba kumene chikwama chilichonse chapita.

Mnyamata_wa_Down_Shops:

Amama, ine ndikuona ngati nkhaniyi mwaikulitsa. Zikwama zingati zomwe? Angosintha msika, azigulitsira kunyumba ndi kutchalitchi, ndalama pamanja. Ndani angadziwe? Mapepala akangoyamba sathanso.

Mchewa_ku_Houston:

Achimwene a ku Down Shops, malangizo amenewo musawapatse amayiwa. Kuno anthu sayenda ndi ndalama m'thumba ngati kwathu, ambiri amalipira ndi khadi kapena pafoni, ndipo chilichonse chimasiya mapazi. Komanso akulu awowo ndi anesi, ali ndi laisensi ya ntchito ndi mapepala okhalira m'dziko oti aziteteze. Sizoyenera kuika zonsezo pachiswe chifukwa cha $2.89.

Ine ndakhala ku Texas zaka zingapo, mkazi wanga amagulitsa mikanda ndi madengu, ndiye njirayi tinaiyenda. Ofesi yake ndi ya Texas Comptroller. Permit amafunsira pa intaneti ndipo salipiritsa. Munthu wogulitsa payekha amafunsidwa nambala ya Social Security, imene boma la America limapatsa nzika zake ndi ololedwa kugwira ntchito kuno, n'chifukwa chake n'chapafupi kuti wogulitsa pamaso pa lamulo akhale akulu anuwo. Inu muziwagulitsa katoni pamtengo wa pikulitsa, muwalembere invoisi yochokera ku Chipata, iwo azigulitsa chimodzichimodzi m'dzina lawo. Zikatero za ZRA ndi zanu, za Texas ndi zawo, ndipo pachibale sipadzakhala kulozana zala.

Akapatsidwa permit, a Comptroller ndiwo amanena ngati azipereka lipoti mwezi ndi mwezi, pa miyezi itatu, kapena pachaka. Tsiku lake ndi la 20 la mwezi wotsatira. Apa ndi pamene ife tinapunthwa. Nthawi ina mkazi wanga anabwera kumudzi ku Chadiza kumaliro a amayi ake, anakhala miyezi itatu osagulitsa kanthu. Tinaganiza kuti popeza palibe chogulitsa, palibenso cholemba. Kalata inabwera ya chindapusa cha $50. Lamulo limafuna lipoti ngakhale mutalemba ziro. Ndipo ngati pali msonkho umene wachedwa, amawonjezera 5 peresenti, pakadutsa masiku 30 imakhala 10 peresenti. Sindinganene kuti anatilakwira, zinalembedwa m'mapepala amene tinapatsidwa, ifeyo ndi amene tinali ndi chisoni osawerenga.

Chimene tinachita pambuyo pake ndi kutsegula akaunti ina kubanki. Loweruka madzulo tikabwera kumsika, tisanaphike n'komwe, mkazi wanga amatenga kope, kuwerengera msonkho wa tsikulo n'kuusamutsira kumeneko. Ndalama imeneyo sitigulira mafuta a galimoto, sititumiza kumudzi ngakhale foni italira usiku.

Zina ziwiri mwachidule. Mukatumizira wogula wa mu Texas momwemo, ndalama yotumizira nayonso imalowa powerengera msonkho. Ndipo akulu anu akatsegula sitolo pamisika ya pa intaneti ya Etsy kapena eBay, makampani amenewo amatolera okha msonkho n'kuupereka ku masteti, zomwe zimapeputsa kwambiri, komabe munthu wokhala mu Texas permit ayenera kukhala nayo ndipo lipoti azipereka ndithu.

Musasokonezenso sales tax ndi msonkho wa pachipata. Kale katundu wosapitirira $800 ankalowa ku America osalipira duty, koma mwayi umenewo unatha mu August 2025. Mufunse amene amakutumizirani makatoni kuti akuuzeni ndalama yake musanaike mtengo.

Chowawa ndasungira kumapeto. Pa zikwama zimene zinagulitsidwa kale popanda kutolera, ngongole ili pa wogulitsa. Ogula anapita, simungawatsate. Akulu anu apeze munthu wodziwa zamisonkho wa komweko, amuonetse zonse, adziulule okha asanafunsidwe.

Telala_wa_ku_Kapata:

Zikomo kwambiri nonse, makamaka inu a ku Katete ndi a ku Houston. Dzulo nditatseka shopu ndinatulutsa kope langa lachikuto chofiira momwe ndimalemba katoni iliyonse, tinawerenga ndi akulu anga pafoni mpaka batire kutha. Zikwama zimene zagulitsidwa ndi 312. Pa $35 ndi $10,920, ndipo 8.25 peresenti yake ndi $900.90, maepuloni tisanawerengere. Nditaisintha m'makwacha ndinakhala kaye chete. Ndi ndalama imene ndinkasungira makina a ovaloko.

Iwo amafuna kulipira okha. Ndakana. Phindu tinkagawana, ngongolenso tigawana pakati. Makinawo adikire chaka chamawa. Afunsira permit sabata ino ndipo apeza kale mayi wina wa kutchalitchi kwawo amene amagwira ntchito ya zamisonkho.

Latsala funso limodzi. Pamsika kubweza chenji cha masenti n'kovuta. Kodi tikhoza kungolemba $38 pachikwama, msonkho uli momwemo?

Mchewa_ku_Houston:

Mukhoza, amayi, ifenso timatero. Koma pathebulo pakhale chikwangwani chooneka bwino chonena kuti mtengowo waphatikiza sales tax, ndipo palisiti alembenso chimodzimodzi, apo ayi adzawerengeredwa msonkho pamwamba pa $38 yonseyo. Powerengera agawe 38 ndi 1.0825. Zimatuluka $35.10 ya chikwama, $2.90 ya Comptroller. Akapita kukagulitsa kumsika wa mzinda wina ayambe afunsa peresenti ya kumeneko, chifukwa si paliponse mu Texas pamene imafika 8.25.