Chizungulire pa Khwekhwelere: vuto lili m'mimba kapena m'khutu?

Mayi wa kachewere, Bembeke

Abale, ndithandizeni nzeru. Ine ndimapikula kachewere ndi kabichi kuno ku Bembeke n'kukagulitsa ku Golomoti kawiri pa sabata. Tikangoyamba kutsetsereka Khwekhwelere, makhona aja akamatsatizana, mutu umazungulira, nseru, thukuta lozizira, mpaka ndimapempha adalaivala kuti aime. Tikafika kunsi galimoto itaima, ndimamvabe ngati nthaka ikupendekeka. Apongozi akuti ndi ndulu, ndayamwa mandimu koma palibe chasintha. Mwana wanga wa Fomu 3 akuti nkhani ili m'khutu. Khutu si lomvera basi? Makhona a msewu akulipeza bwanji?

Mphunzitsi wa sayansi, Ntcheu

Amayi, mwanayo walasa. Mkatikati mwa khutu lililonse muli timachubu titatu topindika, todzaza timadzi, ndipo potsirizira pake pali timaselo tokhala ndi tiubweya. Mutu ukatembenuka timadzito timatsalira pang'ono, tiubweya n'kupindika, uthenga n'kulowa mumtsempha wopita ku ubongo.

Chimene chimandisangalatsa ine n'chakuti mtsemphawu sukhala duu kudikira kuti mutembenuke. Ngakhale mutakhala phee pamkeka, ukugogoda ndithu. Jay Goldberg ndi César Fernández a ku yunivesite ya Chicago atayeza anyani mu 1971 anapeza kuti ulusi umodzi wa mtsemphawu umatumiza timauthenga pafupifupi 90 pa sekondi, nyaniyo asakugwedezeka n'komwe. Ganizirani amayi awiri akusinja mumtondo umodzi, misi ikugwa mofanana. Mukatembenukira kumanja, wa khutu lakumanja amafulumiza, wakumanzere amachedwetsa, ndipo ubongo umawerenga kusiyanako. Ulusi wina umagogoda mwadongosolo, wina modumphadumpha, ndipo wodumphadumphawo ndiwo umachita changu mutu ukagwedezeka mwadzidzidzi.

Pa Khwekhwelere makutu akunena kuti kumanja, kumanzere, kumanjanso, pamene maso anu akuona matumba ali chikhalire. Mboni ziwiri zikatsutsana chonchi, nseru imabwera. Mwaonapo ana akuzungulira pabwalo, akaima n'kugwa? Thupi laima, koma timadzi tija tikadakankhabe kwa masekondi angapo. Kupendekeka mukumva ku Golomoti kuja n'kwa ubongo umene unali utayamba kuzolowera kugwedezeka, ukufuna nthawi kuti ukhazikikenso.

Dalaivala wa matola, Dedza

Za ulusizo ndazimvera pompano aphunzitsi, koma pazaka zonse ndayenda msewu umenewu sindinasanzepo ndili pachiwongolero. Amasanza ndi akumbuyo, makamaka owerama kuwerenga ndalama kapena kudina foni. Amayi, muzipempha kukhala kutsogolo, mutu muutsamize, maso muponye kutali kuchigwa cha kunyanja.

Namwino wopuma ntchito, Lizulu

Ndiwonjezepo chimodzi achemwali, chifukwa chizungulire si chamtundu umodzi. M'khutu momwemo mulinso timiyala ting'onoting'ono tothandiza ubongo kudziwa kumwamba ndi pansi. Nthawi zina timathothoka n'kugwera m'kachubu kamodzi, ndiye munthu akangotembenuka pamphasa kapena kuyang'ana kudenga, nyumba yonse imazungulira kwa nthawi yosafika mphindi imodzi. Mayi anga anavutika nacho miyezi, anthu akunong'onezana zoti awalodza. Chimachizika popendeketsa mutu mwandondomeko, njira ya dokotala John Epley, popanda jakisoni. Koma chizungulire chikabwera ndi mutu woopsa, lilime kulemera, kuona zinthu ziwiriziwiri, dzanzi mbali imodzi kapena khutu kugontha mwadzidzidzi, musadikire kuti kuche, thamangirani kuchipatala.

Mayi wa kachewere, Bembeke

Zikomo nonse. Pamphasa ndimatembenuka bwinobwino anamwino, changa n'chapamsewu pokha. Koma adalaivala mwandigwira, ndimakhaladi kumbuyo pamatumba, nditawerama kuwerengera ngongole za makasitomala m'kope. Lachisanu ndikalawirira kuti ndikapeze mpando wakutsogolo, kopelo ndikalitsegula ku Golomoti.