Tisonkhe bwanji kuti buloko ya sukulu isathere pa mawindo?

Mayi a Chikondi, Limbuli:
Moni nonse. Pali mudzi wina kumtunda kwa Muloza komwe ana a Sitandade 1 ndi 2 amajomba dzinja lonse chifukwa mtsinje ukadzaza sangawoloke. Makolo agwirizana zomanga buloko ya zipinda ziwiri pafupi. Ayambire pati, ndipo asonkhe motani?

Aphunzitsi opuma, Chisitu:
Mayi, asanagule kalikonse akaonane ndi PEA (mlangizi wa sukulu za pulayimale) wa zoni yawo, kenako nkhani idutse kumakomiti a chitukuko a m'mudzi (VDC) ndi a dera la mfumu yaikulu (ADC) mpaka kukhonsolo. Sukulu yosadziwika kuofesi ya maphunziro silandira mphunzitsi wa boma, mabuku kapena ndalama za boma zotukulira sukulu (SIG). Malo alembedwe papepala, a gulupu ndi banja lopereka malolo asayine, chifukwa mawa adzukulu amadzati ndi munda wa agogo awo.

Ndalama zikhale kubanki, osayinira atatu, mmodzi wa Mother Group. Achibale a ku Blantyre ndi ku Joni apatsidwe nambala imodzi yokha ya Airtel Money kapena Mpamba. Mwezi uliwonse zolowa ndi zotuluka ziwerengedwe pamsonkhano. Chopereka chachikulu chiikidwe anthu akagulitsa nandolo, osati mu Januwale kapena Febuluwale pomwe m'nyumba mulibe ufa. Wosowa ndalama atute mchenga, miyala kapena madzi, ndipo dzina lake lilowe m'buku lomwelo.

Amisiri a ku Luchenza:
Mabuloko a sukulu ambiri amaima pa mawindo chifukwa ndalama zoyamba zonse zimathera kukhoma. Gulani malata a geji 28 ndi matabwa poyamba, musunge. Zinthuzi zimakwera mtengo msanga, ndipo khoma lopanda denga mvula ya kuno imaliwononga.

Kuyambira 2018 malamulo salola njerwa zootcha pa nyumba ngati sukulu, ndiye konzekerani mabuloko a simenti. Khoma la mita imodzi m'litali ndi imodzi m'mwamba limadya mabuloko 12 ndi theka. Thumba la simenti la makilogalamu 50 lisapitirire mabuloko 30, ndipo athiridwe madzi masiku 7 ali pamthunzi. Mukawaumitsa padzuwa amanyenyeka m'manja. Pa maziko yalani pulasitiki yakuda, chinyontho chisakwere khoma. Denga limangidwe ndi waya wotuluka mu konkire ya pamwamba pa mawindo, osati misomali yokha. Aliyense anaona zomwe namondwe wa Freddy anachita mu 2023, ndiye pewani kukhwawa ndi kutsinde kwa phiri, ndipo mukumbe ngalande kumtunda kwa nyumbayo. Mmisiri alipidwe pa gawo lomwe wamaliza.

A Nambewe, Bvumbwe:
Ndiwonjezere za pambuyo pomanga. Ku Guatemala, m'midzi yakutali ya anthu a mtundu wa Maya, kunali ndondomeko ya PRONADE: komiti ya makolo inkayendetsa sukulu ndi kulemba mphunzitsi, koma malipiro ake ankachokera ku boma. Mudzi ungamange, koma kulipira mphunzitsi mwezi ndi mwezi kuchokera m'matumba a othyola tiyi sikupita patali.

Choncho pa bajeti pakhale nyumba ya mphunzitsi, apo ayi wotumizidwayo adzapempha kusamuka teremu isanathe. Zimbudzi za atsikana zikhale pazokha. Ngati alimi a tiyi a m'mudzimo ali m'bungwe lolandira ndalama za Fairtrade (zoonjezera zomwe ogula tiyi amapereka zothandizira chitukuko), alembe kalata yopempha madesiki, ndipo khansala auzidwe msanga kuti buloko ilowe pa mndandanda wa CDF, thumba la chitukuko cha dera la phungu.