Webusaiti yakana kutseguka titangoiyika pa Cloudflare, thandizeni amwene

Wa ku Chilomoni: Mwaswera bwanji akuluakulu. Ndili pa moto kuno. Kasitomala wanga ali ndi loji kunyanja ku Mangochi, webusaiti yake ndi ya WordPress, dzulo madzulo tinasintha ma nameserver (omwe amalozera komwe webusaiti ili) kupita ku Cloudflare, kampani yomwe imaima pakati pa alendo ndi seva, kuti izithamangako poti alendo ake ambiri amabuka ali kunja, ndiye lero m'mawa ikungolemba ERR_TOO_MANY_REDIRECTS, ngakhale pa wp-admin, poyendetsera webusaiti paja, osalowa. Ndayesa pa Airtel ndayesa pa TNM chimodzimodzi. Bwanayo akungoimba foni akuti mabukingi a weekend akumuthawa.

Wa ku Zomba: Mwafufutako ma cookies? Nthawi zina zimangokhala zimenezo

Wa ku Chilomoni: Ndafufuta aise, incognito yomwe, foni ya mlamu wanganso ikukana.

Mdala wa Area 47: Siyani ma cookies. Lowani mu Cloudflare pa SSL/TLS, mundiuze yasankhidwa pati, Flexible, Full kapena Full strict? Komanso ngati muli ndi terminal menyani curl -IL kenako adilesi ya webusaitiyo, muone ngati sikungobweza 301, yankho lija loti pita kwina, yopita ku adilesi yomweyomweyo.

Wa ku Chilomoni: Ili pa Flexible madala. Ndipo eya ma 301 okhaokha ndandanda mpaka curl yatopa yokha

Mdala wa Area 47: Basi vuto ndi limenelo. Flexible imatanthauza kuti mlendo amalankhula ndi Cloudflare pa https, njira yotetezedwa ija, koma Cloudflare ikamapita ku seva yanu imagogoda pa http, port 80. Tsono seva yanu ili ndi lamulo loti aliyense wobwera pa http abwezedwe ku https, kaya lili mu .htaccess kaya ndi pulagini kaya ndi WordPress yeniyeniyo poti Site Address inalembedwa https. Ndiye seva imati pita ku https, browser imapitadi, Cloudflare nkubwereranso pa http, seva nkubwezanso, kumangozungulira ngati galu wothamangitsa mchira wake mpaka Chrome ikafika ma redirect 20 imasiya nkulemba error imeneyo. Palibe chomwe chathyoka, database yanu ili bwinobwino, musagwire.

Wa ku Zomba: Ine ndimangoika ka code mu wp-config kowerenga HTTP_X_FORWARDED_PROTO nkuuza WordPress kuti HTTPS ili on, zimatheka pompopompo osavutika ndi ma certificate, ziphaso zopangitsa https kugwira

Chemwali wa ku Mzuzu: Zimathekadi achimwene koma ndi kuphimba chabe. Loko kamaoneka pa browser koma kuchoka pa Cloudflare kukafika pa seva zinthu zikuyenda poyera, ndipo iyi ndi loji, anthu akulemba mayina, manambala a foni, ena mpaka nambala ya pasipoti pa fomu ya buking'i. Ine sindingavomere kasitomala wanga akhale pa Flexible. Ikani certificate pa seva kenako Full strict kuti Cloudflare nayo izilankhula ndi seva pa https, certificate yake ndi yaulere, palibe chifukwa chozembera.

Wa ku Chilomoni: Ndasintha kuika Full strict tsopano ikulemba Error 526 eish

Mdala wa Area 47: Ndi bwino, mwasuntha. 526 ikutanthauza kuti Cloudflare yafika pa seva koma certificate yomwe yaipeza siyoikhulupirira, mwina inatha kapena ndi self-signed. Hosting yanu mumayendetsera pa cPanel?

Wa ku Chilomoni: Eya cPanel. Pa SSL/TLS Status ikuonetsa kuti inatha mwezi watha, amene ankaisamala webusaitiyi kale anangoika pamanja osaika zoti izidzikonzanso yokha

Chemwali wa ku Mzuzu: Ma certificate aulere a Let's Encrypt amakhala masiku 90 basi ndiye ukaika pamanja umaiwala ndithu. Chitani chonchi, pitani pa DNS mu Cloudflare dinani kamtambo ka orange pa A record ndi pa www kakhale ka grey kuti alendo azifika pa seva osadzera ku Cloudflare, dikirani pang'ono, kenako Run AutoSSL mu cPanel, chida chomwe chimaika certificate chokha. Certificate ikatuluka bwezerani ka orange. Chifukwa chochotsera kaye ndi choti AutoSSL imafuna kuwerenga fayilo mu foda ya .well-known kuti itsimikize kuti domain ndi yanu, ndipo ma redirect aja akamasokoneza imalephera.

Mdala wa Area 47: Njira ina ndi Origin Certificate ya Cloudflare yomwe, amakupatsani mpaka ya zaka 15, mumaimata mu cPanel nkuiwala. Koma dziwani kuti imeneyo amaikhulupirira ndi Cloudflare okha, tsiku lomwe mudzazimitse ka orange alendo adzaona chenjezo lofiira. Ine pa makasitomala omwe mwina mawa adzapita kwa munthu wina ndimakonda AutoSSL, wobwerayo asadzatukwane dzina langa.

Wa ku Chilomoni: Magetsi anathima ndinasowa pang'ono, ndili pa hotspot. AutoSSL yadutsa, Full strict, purge cache, YATSEGUKA. Koma zithunzi za zipinda sizikuoneka zina ndipo loko sikakuoneka bwino pa tsamba la Rooms

Chemwali wa ku Mzuzu: Mixed content imeneyo, tsamba lili pa https koma zithunzi zina zikuitanidwabe pa http. Dinani F12 pa Console muona ma link akale a http omwe anatsalira mu database. Tengani backup kaye, kenako wp search-replace kuchoka http kupita https, yambani ndi --dry-run muone kuti isintha zingati, ndipo ikani --skip-columns=guid. Ngati hosting sinakupatseni SSH pulagini ya Better Search Replace imagwira ntchito yomweyo. Chonde musakachite ndi REPLACE ya SQL mu phpMyAdmin, ma theme amasunga zinthu zili serialized ndi kutalika kwa mawu kowerengedwa kale, mukaonjezera ka s kamodzi nambala ija imasemphana, ma widget ndi ma setting nkusowa. Ngati masamba anapangidwa ndi pulagini ya Elementor pitaninso pa Tools mupange regenerate CSS chifukwa zithunzi za background zimabisala m'mafayilo ake.

Wa ku Zomba: Apa ndatolapo, za serialized zija nzimene zinkandidyera ma menu ine osadziwa kuti chikuchitika nchani

Wa ku Chilomoni: Ndi Elementor yomwe, zithunzi zabwera zonse. Koma bwana waimbanso akuti Outlook yake siikulandira maimelo kuyambira dzulo lomwelo kkkk

Mdala wa Area 47: Onani record ya mail mu DNS, ndikukhulupirira ili ya orange. Ka orange kamangodutsitsa za webu, za maimelo, IMAP ndi SMTP, sizidutsa. Ipangeni grey, MX, record yolozera komwe maimelo azifikira, iloze ku mail yomweyo osati ku domain yeniyeni, ndipo mu Outlook incoming ndi outgoing seva ikhale mail.domainyo, 993 ndi 465. Muonenso ngati SPF ndi DKIM, zotsimikizira kuti maimelo akuchokeradi kwa inu, zinakopedwa posamuka, Cloudflare ikamasanthula ma record siitola onse.

Wa ku Chilomoni: MX inkaloza ku domain yeniyeni, DKIM kunalibiretu. Ndakopera kuchoka pa Email Deliverability mu cPanel, imelo yoyesera yalowa. Zikomo madala, zikomo achemwali. Funso lomaliza, zamtunduwu mumalipiritsa padera kapena zimalowa mu ndalama ya pachaka?

Chemwali wa ku Mzuzu: Kusamutsako munagwirizana mtengo kale ndiye musaonjezere. Koma certificate yomwe inatha ija muuzeni bwana, ndi pamene mungayambire nkhani ya maintenance ya pamwezi.