Disiki ikudzaza pomanga ma image ndi Buildah popanda root

Woyang'anira seva: Akuluakulu anzanga, ndikupempha nzeru zanu. Pa seva yathu ya Debian 12 timamanga ma image a container (mitolo ya pulogalamu ndi mafayilo onse amene imafuna kuti iyende) ndi pulogalamu ya Buildah popanda mphamvu za root, akaunti yolamulira seva yonse, koma foda ya ~/.local/share/containers/storage ikufufuma modabwitsa, moti image imene imaoneka yaing'ono ikafika ku registry (nkhokwe ya ma image ya pa netiweki) ikudya malo ochuluka kangapo pa disiki. Containerfile yathu, fayilo ya malangizo omangira image, ili ndi malamulo ambiri a RUN ndipo timamanga ndi --layers, moti RUN aliyense amapanga layer yake, gawo latsopano la mafayilo pamwamba pa lakale. Sevayi inali pa Debian 11 tisanaikweze.

Mayi wa ma CI (makina omanga ndi kuyesa mapulogalamu paokha): Achimwene, musanakhudze Containerfile, lembani buildah info ndipo muyang'ane mzere wa GraphDriverName, umene umatchula driver, njira yosungira ma layer pa disiki. Ine ndikukayikira kuti mupeza vfs. Debian 11 inabwera ndi kernel 5.10, imene sinkalola munthu wopanda root kugwiritsa ntchito driver wa overlay mwachindunji, choncho ngati fuse-overlayfs, pulogalamu yolowa m'malo mwake, sinaikidwe, Buildah inkangogwera pa vfs. Vuto la vfs ndi loti layer iliyonse yatsopano imakopera mafayilo onse a layer ya pansi pake m'malo mosunga zosinthidwa zokha, ndiye RUN aliyense amabereka Debian yonse kachiwiri. Kukweza seva sikusintha zimenezi, chifukwa malo osungira amakakamira driver amene anayamba naye, ngakhale kernel 6.1 imene muli nayo tsopano imatha overlay bwinobwino.

Womanga ma image a Debian: Zimene anena mayiwa n'zomveka, koma ma RUN ambiriwo nawonso muwachepetse. Fayilo imene mwaifufuta mu layer yotsatira imakhalabe mu layer imene inailenga, kotero apt-get update, apt-get install --no-install-recommends ndi kufufuta /var/lib/apt/lists zikhale mu RUN mmodzi. Kwa ine njira yaukhondo ndi kupanga maziko a image ndi mmdebstrap, pulogalamu yosonkhanitsa mafayilo oyambira a Debian, imene imagwira popanda root kudzera mu njira yake ya unshare, kenako buildah from scratch ndi buildah add kuti maziko onse akhale layer imodzi.

Woyang'anira seva: Zikomo nonse. Ndayang'ana, ndipo ndi vfs ndithu. Kodi ndingosintha driver mu storage.conf n'kupitiriza?

Mayi wa ma CI: Ayi achimwene, pamenepa mudekhe. Mukalemba driver = "overlay" mu ~/.config/containers/storage.conf, ma image akale sadzaonekanso koma adzakhalabe pa disiki, ndipo Podman, pulogalamu yoyendetsa ma container imene imagawana malo osungira ndi Buildah, ngati ilipo pa sevayo, ikhoza kukana chifukwa database yake ikukumbukira vfs. Yambani ndi kupulumutsa ma image amene kulibe ku registry, ndi skopeo copy kuchokera ku containers-storage (malo osungira apanowa) kupita ku oci-archive (fayilo imodzi yosunga image). Mukatero muthamangitse podman system reset, pozindikira kuti lamuloli limafufuta ma image, ma container ndi ma volume onse a mwini akauntiyo, ndipo musinthe driver pambuyo pake. Muonetsetsenso kuti akauntiyo ili ndi mzere wake mu /etc/subuid ndi /etc/subgid, mafayilo amene amaipatsa manambala owonjezera ofunika pogwira ntchito popanda root, komanso kuti foda yosungira siili pa NFS (mafoda ogawana pa netiweki), pakuti overlay silola NFS kukhala malo ake olembapo.

Womanga ma image a Debian: Popeza mumanganso zonse kuchokera pachiyambi, ikani kaye apt-cacher-ng, pulogalamu yosunga maphukusi a Debian amene atsitsidwa kale. Imamvera pa port 3142, ndipo mukaipereka ngati http_proxy pomanga, phukusi lililonse lidzatsika pa intaneti kamodzi kokha. Za mmdebstrap muzichite overlay ikakhazikika, kuti muthe kuona kusintha kumene kwabweza malo pa disiki.