Ndithandizeni, tsamba langa la nkhani likungondidyera ndalama

Membala wobisa dzina:
Akuluakulu, pepani ndabisa dzina chifukwa alamu anga ali m'gulu lomwe lino. Ndili ndi tsamba la nkhani za kwathu kuno pa Facebook, chaka chachitatu tsopano. Ndimalemba za kukhonsolo, mitengo ya chimanga pamsika, milandu ya kukhoti, moti mbuzi ikabedwa anthu amaimbira ine asanapite kupolisi. Koma bandulo ndimagula ndekha, wa kabaza ndimamulipira ndekha. Mayi a kunyumba akuti ndikutumikira boma lonse pomwe m'nyumba mulibe sopo. Alamu aja anabwereka kamera yanga mu Ogasiti kukajambula ukwati, mpaka lero akungoti ibwera, ndiye ndikujambulira foni yosweka galasi. Dzulo ndinapalasa njinga kukaona mlatho wokokoloka, nkhaniyo yazungulira magulu onse a WhatsApp, wina mpaka wafufuta dzina la tsamba langa n'kuikapo lake. Ndichite bwanji kuti tsambali lizidzilipirira lokha? Kapena ndingosiya?

Mayi a Tadala:
Simunanene, amakutsatirani ndi anthu angati? Ndipo ndi boma liti?

Mtolankhani Wakale:
Mwana wanga, SIYA. Ine ntchito imeneyi ndakalamba nayo. Kale munthu ankagula nyuzi m'mawa, kuwerenga, madzulo n'kukulungira zitumbuwa, aliyense wapindula. Lero mmodzi akagula amaijambula yonse n'kuponya pa WhatsApp. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pepala losindikizira, lomwe limachokera kunja, linakwera bwanji? Mu 2022 bungwe la boma loyang'anira wayilesi ndi makanema la MACRA linalanda ziphaso za wayilesi ndi makanema angapo chifukwa cholephera kulipira. Amenewo anali ndi maofesi ndi antchito. Nanga iwe ndi foni yoswekayo?

Wa Geni ku Limbe:
Madala, mukumuopseza mnyamatayu. Tsamba la pa Facebook silifuna pepala.

Mtolankhani Wakale:
Silifuna pepala, koma mwini wake amafuna nsima. Inu ana a masiku ano mumayesa ma like amaphikidwa.

Achimwene a ku Joni:
Ife kuno nkhani za kumudzi timazifuna kuposa inu muli konkowo. Agogo anga atamwalira ndinamva patapita masiku anayi, maliro ataikidwa kale, chifukwa amalume ankati ndikamva nditumiza ndalama kwa achemwali osati kwa iwo. Mpaka lero sitiyankhulana. Ikani nambala ya Airtel Money kapena Mpamba pansi pa nkhani iliyonse, ena tizitumizako kangachepe.

Mlimi wa Soya:
Kamerayo muiiwale. Chinthu ukabwereketsa mlamu, wapereka chopereka cha kutchalitchi.

Mayi a Tadala:
Ndafunsa za chiwerengero chifukwa ndili ndi shopu ya mbewu ndi feteleza. Nditadziwa kuti alimi a kwathu amawerenga, ndikhoza kumalipira pamwezi kuti muziika mitengo yanga. Asukulu zapulaiveti nawonso amafuna kulengeza nthawi yotsegulira. Wayilesi za m'madera ngati ya Dzimwe ku Monkey Bay kapena Mudziwathu ku Mchinji mukazimvera, mauthenga a maliro ndi malonda a m'deralo sasowa. Inu mukulengeza mbuzi zotayika mwaulere chifukwa chiyani?

Mtolankhani Wakale:
Mayi, mukangomupatsa ndalama, tsiku limene feteleza wanu adzapezeke ndi mchenga adzalemba? Ndi mmene zimayambira. Mawa abwera phungu ndi chipondamthengo mu envulopu, mkuja tsamba lonse ndi zithunzi za bwana akugawa mabulangete. Ndaziona ndi maso angawa.

Mayi a Tadala:
Feteleza wanga alibe mchenga, bambo. Samalani pakamwa.

Mtolankhani Wakale:
Ndangopereka chitsanzo. Komabe mwana wanga, SIYA, kalime soya.

Mlimi wa Soya:
Asabwere kuno, mavenda atimaliza kale.

Wa Geni ku Limbe:
Pa chithunzi chilichonse lembani dzina la tsamba pakati penipeni, osati pakona pomwe amadula. Malonda muzilemba kuti ndi malonda, madalawo agone tulo.

Membala wobisa dzina:
Zikomo nonse. Mayi a kunyumba awerenga ndipo akugwirizana ndi madala aja. Za kamera, alamu angondiimbira kumene, akuti ndawanyoza pagulu.

Mayi a Tadala:
Nanga chiwerengero chija?