Kodi blockchain ingachotsedi intaneti m'manja mwa makampani ochepa?

Nabanda:
Ndikupempha amene mumadziwa bwino za makompyuta kuti mundiunikire. Pa 4 Okutobala 2021, Facebook, WhatsApp ndi Instagram zinazima kwa maola pafupifupi 6 chifukwa amisiri a kampani imodzi analakwitsa pokonza makina awo, ndipo anthu ambiri amene amagulitsa katundu kudzera pa foni anasowa mtengo wogwira. Kuchokera pamenepo ndakhala ndikumva kuti blockchain ndiyo idzabweretse intaneti yopanda mwini, imene kampani kapena boma silingathe kuitseka. Kodi zimenezi n'zoona, kapena ndi mawu okopa chabe a anthu ogulitsa ndalama za pa intaneti?

Chisale:
Mayi Nabanda, tiyambe ndi chimene blockchain ili. Ndi kaundula amene sasungidwa ndi munthu mmodzi. Taganizirani za banki nkhonde imene membala aliyense ali ndi kope lake la buku la ngongole, ndipo tsamba lililonse latsopano limakhala ndi chidindo chochokera pa tsamba la m'mbuyo, moti wofuna kufufuta ngongole yake ayenera kusintha masamba onse otsatira m'mabuku a anzake ambiri nthawi imodzi. Munthu kapena gulu lodzitcha Satoshi Nakamoto linafotokoza njirayi mu 2008, ndipo Bitcoin, ndalama ya pa intaneti yogwiritsa ntchito njirayi, inayamba kugwira ntchito mu Januwale 2009. Mu 2015 kunabwera Ethereum, imene imalola kuti m'kaundulayo musungidwenso mapulogalamu odziyendetsa okha, ndipo apa m'pamene panachokera chiyembekezo cha intaneti yopanda mwini, chimene Gavin Wood, mmodzi mwa oyambitsa Ethereum, anachitcha Web3.

Ine ndimaona kuti chiyembekezochi chili ndi maziko. Dziko la Turkey litatseka Wikipedia mu 2017, anthu anaika kope lake pa IPFS, njira imene imapeza fayilo potengera zimene zili m'kati mwake osati kompyuta imene ikuisunga. IPFS payokha si blockchain, koma Filecoin, imene inayamba mu 2020, imagwiritsa ntchito blockchain polipira anthu osunga mafayilo otere.

Mwale:
Zimene afotokoza a Chisale n'zolondola, koma pali mbali imene imandidetsa nkhawa kwambiri, ndipo olimbikitsa Web3 sakonda kuikamba. Kaundula wa Bitcoin anaposa kale magigabaiti 500, choncho foni ya munthu wamba singamusunge, ngakhale atakhala ndi ndalama zogulira bandulo yokwanira kumukopera. Chimene chimachitika n'chakuti pulogalamu ya pa foni imakafunsa kompyuta ya kampani ina kuti iiwerengere kaundulayo. MetaMask, pulogalamu imene anthu ambiri amasungiramo ndalama za Ethereum, imadalira kampani ya Infura ngati woigwiritsa ntchito sanasinthe yekha, ndipo mu Malichi 2022 anthu a ku Venezuela anadzidzimuka atatsekeredwa kunja pamene Infura inalakwitsa potsatira zilango za boma la United States. Ndalama zawo zinali m'kaundula ndithu, koma khomo lolowera linali m'manja mwa kampani imodzi.

Chinanso, blockchain imayenda pa intaneti yomweyi ya zingwe za pansi pa nyanja ndi nsanja za foni, zimene zili ndi eni ake ndipo zimagwira ntchito ndi chilolezo cha boma. Pamene boma la Uganda linalamula kuti intaneti itsekedwe pa nthawi ya chisankho cha mu Januwale 2021, kaundula anapitiriza kulembedwa m'mayiko ena, koma munthu wa ku Kampala amene amadalira kampani yake ya foni analibe njira yomufikira.

Nabanda:
Zikomo nonse awiri. Nanga ngati khomo lingatsekedwe, zolembedwa m'kaundulamo zokha ndiye kuti palibe amene angazisinthe?

Phiri:
Mayi, ngakhale pamenepo yankho limadalira anthu. Mu Juni 2016 munthu wina anapezerapo mwayi pa cholakwika cha pulogalamu ya pa Ethereum yotchedwa The DAO n'kutenga ma ether (ndalama za Ethereum) pafupifupi 3.6 miliyoni. Mwezi wotsatira, ambiri mwa oyendetsa Ethereum anagwirizana zosintha malamulo ake kuti ndalamazo zibwezedwe, ndipo amene anakana anatsala ndi kaundula wakale, amene lero akutchedwa Ethereum Classic. Sindikunena kuti analakwa kubweza ndalamazo, koma nkhaniyi imasonyeza kuti mphamvu zimakhala ndi olemba mapulogalamu ndi eni makompyuta otsimikizira zolembedwa.

Ndikufunanso kuti tisaiwale kuti kugawa mphamvu pa intaneti sikudikira blockchain. Imelo yakhala ikuyenda pakati pa makompyuta a eni osiyanasiyana kwa zaka zambiri, ndipo Mastodon, pulogalamu yochezerana pa intaneti imene Eugen Rochko anayambitsa mu 2016, imalola sukulu, mpingo kapena bungwe kukhala ndi seva yakeyake n'kumalankhulana ndi ena popanda kugula ndalama iliyonse ya pa intaneti. Ngati nkhawa yanu ndi yakuti malonda asaime WhatsApp ikazima, ndingakulangizeni kuti musunge manambala a makasitomala anu pamalo enanso ndi kukhala ndi njira yachiwiri yowafikira, musanaganize zogula ether.