Tithandizeni nzeru: tikonze bwanji m'kati mwa kachipatala kathu?

Abale anga, ndili mu komiti ya zaumoyo m'dera lathu kuno ku Lilongwe. Kachipatala kathu tamaliza kufolera, koma m'kati mulibe kanthu, ndipo ndalama zatsala zochepa.

Chikundisowetsa tulo ndi pokhala amayi tsiku la sikelo. Amabwera ambiri, ana kumsana, ena oyembekezera. Kalipentala wina ku Area 25 akuti atikhomere mabenchi a paini, koma kwathu kuno chiswe si chosewera nacho. Kodi tiwumbe a simenti, kapena tiwotcheretse achitsulo? Nanga a simentiwo sazizira kwambiri mu June kwa mayi wodwala?

Chinanso ndi chipinda choyezera magazi. Tinagawa ndi matabwa osafika kudenga, moti dzulo ndili panja ndimamva zonse zomwe anzanga amayankhula m'katimo. Munthu angalimbe mtima kudzayezetsa HIV pamalo otere? Titseke ndi chiyani chotchipa, koma mpweya uzilowabe, poganizira odwala TB komanso kutentha kwa malata mu October?

Inu anamwino ndi alangizi a zaumoyo, m'makoma tipake penti wanji wotheka kutsuka? Chonde tiuzeni zomwe munaziona zikuthandiza komwe mumagwira ntchito.